Jazz ya m'mapazi: acid jazz inachokera kuti, nanga kutchuka kunaichita chani?

Kampani yojambula nyimbo ya Blue Note inayamba mu 1939 ku New York, ndipo ngati mumaitsata jazz olo pang'ono chabe mukudziwa kuti akuluakulu ambiri anadutsa kumeneko, Thelonious Monk, Art Blakey, Horace Silver, Miles Davis, John Coltrane, Herbie Hancock, titati tiwatchule onse kungatidere. Koma chimbale choyamba cha kampaniyi kugulidwa makope 1 miliyoni ku America sichinali cha aliyense mwa madolo amenewa ayi. Chinali cha anyamata awiri a ku London, Geoff Wilkinson ndi Mel Simpson, amene ankadzitcha Us3, ndipo ntchito yawo inali kudula tizidutswa ta nyimbo zakale za Blue Note yomweyo n'kutiyala pa biti ya hip hop. Poyamba anachita zimenezi osapempha, anatenga gitala ya Grant Green n'kupangira nyimbo yawo, itayamba kumveka pa wailesi anaitanidwa ku ofesi ya eni ake iwo akuganiza kuti basi nkhani yathera ku khoti, koma mmalo mwake anawatsegulira nkhokwe yonse ya Blue Note kuti atengemo zimene akufuna. Chimbale chake, Hand on the Torch, chinatuluka mu 1993.

Nyimbo imene inawatchukitsa, Cantaloop, mwina munaimvapo osadziwa dzina. Imayamba ndi mawu a Pee Wee Marquette, bambo amene ankaitanira oimba pa siteji ku kalabu ya Birdland, mawuwo anajambulidwa mu 1954, kenako kumalowa piyano ija ya Herbie Hancock ya mu Cantaloupe Island ya 1964, imangozungulira pomwepo osasuntha, pamwamba pake rap, ndiye kumapeto lipenga la Gerard Presencer, mnyamata wa ku England amene nthawi imeneyo anali asanakwane ndi zaka 21 zomwe. Mu 1994 nyimboyi inafika pa nambala 9 pa nyimbo zotchuka ku America konse. Herbie mwini wake, ndi Freddie Hubbard, Ron Carter ndi Tony Williams amene anaimba yoyambirira ija, sanafikeko kumeneko ndi nyimbo imeneyi.

Ndiye mkangano unabuka pamenepo ndipo mpaka lero sunathe, anthu amafunsabe kuti kodi zimenezi, zimene zili m'gulu la nyimbo zotchedwa acid jazz, ndi jazz kapena ndi kuba chabe. Ine maganizo anga ndi akuti amene ankati si jazz anali ndi mfundo, ndipo ndiifotokoza bwinobwino chifukwa sindikufuna kuwanamizira, koma anaphonya chinthu chachikulu kwambiri, chakuti ana a ku London amenewa anabweza jazz kwa anthu ovina, kumene inachokera, komanso anakafukula oimba ndi zimbale zimene a jazz eni ake anali atazitaya kudzala. Vuto linadzabwera ndalama zitalowa.

Tiyambe ndi zovinazo. Masiku ano munthu ukati jazz amaganiza za anthu atakhala pa mipando, tambula m'manja, akugwedeza mutu mwaulemu, koma m'ma 1930 jazz ndiyo inali nyimbo ya achinyamata, ya madansi, ya thukuta. Ku Harlem kunali holo ya Savoy imene inatsegulidwa mu 1926, anthu ankavina Lindy hop mpaka kuponyana m'mwamba, ndipo mabandi a Chick Webb ndi Count Basie ankadziwa kuti ngati mapazi sakusuntha ndiye kuti bandi yalephera. Zinasintha m'ma 1940 ndi bebop ya Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie, nyimbo yothamanga, ya makodi ambirimbiri, yofuna khutu. Komanso mu 1944 boma la America linaika msonkho waukulu pa malo amene anthu amavinirapo, poyamba 30 peresenti kenako anatsitsa kufika pa 20, ndiye eni makalabu ambiri anaona kuti bola kulemba kabandi kakang'ono anthu azingomvera atakhala. Ovina anasamukira ku rhythm and blues, kenako rock and roll, soul, funk.

Komabe panali oimba jazz ena amene sanafune kuwasiya anthu wamba. Lee Morgan ndi The Sidewinder mu 1964, Jimmy Smith ndi ogani yake ya Hammond, Lou Donaldson, Grant Green, awa ankaimba m'mabala a anthu akuda ku Newark, ku Philadelphia, ku Chicago, malo amene munthu wachokera ku ntchito akufuna kumwa kamodzi n'kuvina. Mu 1973 Donald Byrd anatulutsa Black Byrd, chimbale chimene chinagulidwa kuposa china chilichonse cha Blue Note mpaka nthawi imeneyo, chaka chomwecho Herbie Hancock anatulutsa Head Hunters. Olemba za jazz ambiri anawanyoza koopsa, amvekere agulitsa luso chifukwa cha ndalama. Byrd ameneyu anali munthu woti anaimbapo ndi Art Blakey, ankaphunzitsa nyimbo pa Howard University, sikuti samadziwa chimene akuchita, koma anamuyika m'gulu la otayika. Pofika kumayambiriro kwa m'ma 1980 zimbale zamtundu umenewu zinali zitangounjikana m'mashopu a zakale ku America, zotchipa, palibe ozifuna.

Amene anazifuna anali ma DJ a ku England. Ankasanthula m'makatoni a marekodi akale momwe mayi wodziwa amasanthulira pa kaunjika, kutembenuza mulu wonse kuti apeze chimodzi chenicheni chimene ena onse achidutsa. Ndipo ankazifunira anthu enieni oti avine. Ku Camden mu London, m'chipinda cha m'mwamba pa kalabu ya Electric Ballroom, DJ wina dzina lake Paul Murphy ankaika jazz yothamanga kwambiri, bebop, nyimbo za ku Cuba ndi Brazil, ndipo anyamata, ambiri mwa iwo ana a anthu ochokera ku Caribbean ndi ku Africa kuno, ankapanga bwalo n'kumalowa mmodzimmodzi kupikisana. Mukaona mavidiyo a nthawi imeneyo pa YouTube muyang'ane mapazi. Thupi lakumtunda lili phee koma mapazi akuthamanga kutsatira ng'oma iliyonse, kenako munthu uja wazungulira kangapo, wagwa ndi mawondo, wadzuka pa biti yomweyo ngati sanagwe, mnzake walowa kudzamuyankha. Ena ankabwera atatchena masuti ndi nsapato zopukuta bwino ngati akupita ku ukwati, thaulo lopukutira thukuta lili m'chikwama. Ndipo chimene chimandigwira mtima n'chakuti anyamatawa samavinira biti yokha, amavinira solo, woimba sakisofoni akakwera iwonso akwera, akadula iwonso adula, kutanthauza kuti ankamvetsera mozama kuposa anthu ambiri okhala pa mipando aja. Gulu lina la ovina lotchedwa IDJ linafika povina pa siteji limodzi ndi Art Blakey mwini wake ku London mu 1986. Mkulu ameneyu anayamba kuimba nthawi imene jazz inali ya madansi, ndiye kwa iye sizinali zachilendo.

Paul Murphy atachoka pa Electric Ballroom malo ake anatenga mnyamata wina wamng'ono, Gilles Peterson, wobadwira ku France mu 1964 koma wokulira kummwera kwa London, amene anayamba ndi mawailesi ozembera boma ali wachichepere. Iyeyu ndi Patrick Forge ndi amene ankachititsa dansi ya Lamlungu masana pa Dingwalls ku Camden komweko, ndipo anthu amene analipo amaikambabe mpaka lero. Masana, dzuwa lili pamutu, anthu ali mkati akuvina jazz, funk, samba, soul ndi hip hop zosakanikirana, pakati pake bandi ikwera kuimba. Dzina loti acid jazz linayamba ngati nthabwala chabe ya Peterson ndi mnzake Chris Bangs, chifukwa nthawi imeneyo achinyamata onse anali atapengera acid house, nyimbo zovina zopangidwa ndi makina, ndiye iwo anangoti ifenso yathu ndi acid jazz. Mu nyimbomo mulibe chilichonse chofanana ndi acid house. Koma dzinalo linakakamira, ndipo mu 1987 Peterson ndi Eddie Piller anayambitsa kampani ya Acid Jazz Records. Piller anachokera ku gulu la ma mod, achinyamata okonda masuti, tinjinga ta Vespa ndi nyimbo za soul za m'ma 1960, ndipo ankayendetsa kale bandi ya James Taylor Quartet imene inkaimba ndi ogani ya Hammond. Mu 1990 Peterson anachoka kukayambitsa Talkin' Loud pansi pa kampani yaikulu ya Phonogram.

Apa ndi pamene zinthu zinasintha kuchoka pa kuika marekodi akale kufika pa kupanga nyimbo zatsopano. Galliano ankalakatula ndakatulo pamwamba pa ng'oma ndi funk. The Brand New Heavies, anyamata a ku Ealing, ankafuna kumveka ngati mabandi a funk a m'ma 1970, ndipo atapeza N'Dea Davenport wa ku America kuti aziimba anayamba kumveka mbali zonse ziwiri za nyanja. Young Disciples anali ndi Carleen Anderson, mwana wa Vicki Anderson amene ankaimba ndi James Brown, ndipo chimbale chawo cha 1991, Road to Freedom, kwa ine ndicho chabwino kuposa zonse za nthawi imeneyo, chili ndi mkwiyo, chili ndi pemphero, sichikufuna kusangalatsa aliyense mokakamiza. Incognito ya Bluey Maunick, wobadwira ku Mauritius, inalipo kale kuyambira 1979 koma inadzatchuka mu 1991 itaimbanso Always There ya Ronnie Laws, Jocelyn Brown ali pa maiki. Kunalinso Omar, kunalinso Ronny Jordan amene anatenga So What ya Miles Davis n'kuiika pa biti mu 1992. Posakhalitsa moto unafika ku Tokyo kwa United Future Organization, ku New York kwa Groove Collective, kenako ku Germany ndi ku France.

Tsono tinene chilungamo pa nyimbo zenizenizo. Mukaika chimbale cha Brand New Heavies n'kumvetsera ngati woimba, mupeza kuti besi ndi ng'oma zagwira njira imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, makodi ndi awiri kapena anayi ongobwerezabwereza, kiyibodi ya Rhodes ikupereka kafungo ka jazz ndi makodi onona aja, gitala ya wah-wah, malipenga akuyankha kolasi, ndipo solo ikabwera ndi yaifupi, imangodutsa kuti woimba mawu apume. Mtima wa jazz ndi wina. Mu jazz anthu anayi kapena asanu amayamba nyimbo osadziwa bwinobwino kumene ikathere, aliyense akupeka pompopompo, woimba ng'oma akumva zimene wa piyano wachita n'kumuyankha, wina akhoza kulakwitsa pamaso pa anthu ndipo kulakwitsako n'kusanduka njira yatsopano. Kuika moyo pachiswe kumeneko mu acid jazz yambiri munalibe. Ndipo sampulo, kachidutswa kodulidwa ku rekodi yakale, siyankha munthu, piyano ya Herbie mu Cantaloop ikhala chimodzimodzi olo woimba lipenga atachita zotani pamwamba pake. Ndiye amene ankati iyi ndi funk ndi soul yovala chipewa cha jazz sankanama.

Kumene ndimasiyana nawo ndi pa mtima umene anali nawo. Nthawi yomweyi ku New York kunali Wynton Marsalis, katswiri wa lipenga woti palibe angamutsutse pa luso, amene mu 1984 anapata Grammy ya jazz ndi ya classical usiku umodzi, ndipo iye ndi mlembi Stanley Crouch ankalimbikira kuti jazz yeniyeni ndi ya swing ndi blues, yoimbidwa ndi zida zopanda magetsi, kuti jazz ipatsidwe ulemu ngati nyimbo za Beethoven. Ndikumvetsa chimene ankamenyera, anthu akuda a ku America anapanga luso lalikulu chonchi koma kwa zaka zambiri linkatengedwa ngati nyimbo za m'mabala basi, ndiye kuilowetsa ku Lincoln Center, malo apamwamba a zaluso ku New York, kunali kupambana kwenikweni. Koma mtengo wake unali wakuti anatseka chitseko. Za Miles Davis za magetsi kunja, za Donald Byrd kunja, za Roy Ayers kunja, rap ndiye osayerekeza. Mwana wa zaka 18 wa ku Brixton kapena ku Brooklyn akanalowera pati?

Chonsecho akuluakulu ambiri eni ake analibe vuto. Miles Davis chimbale chomaliza chimene ankajambula asanamwalire mu September 1991 chinali cha hip hop ndi Easy Mo Bee, Doo-Bop, sichabwino kwenikweni poyerekeza ndi zina zake koma chikuonetsa kumene maso ake ankayang'ana. Ron Carter anaimba besi pa chimbale cha gulu la hip hop la A Tribe Called Quest chaka chomwecho. Mu 1993 Guru, woimba rap wa gulu la Gang Starr, anachita chinthu chanzeru kuposa Us3, mmalo mongodula marekodi anaitana anthuwo kuti abwere mu situdiyo, Donald Byrd ndi lipenga lake, Roy Ayers, Lonnie Liston Smith, kuphatikizapo amene ankaimbira ku London, Ronny Jordan, Courtney Pine, N'Dea Davenport ndi Carleen Anderson, chimbale chake Jazzmatazz. Ndipo pa chimbale chomwecho panali Branford Marsalis, mkulu wake weniweni wa Wynton, amene anali atakangana kale ndi mng'ono wakeyo chifukwa chopita kukaimba ndi Sting mu 1985. Mkanganowu unali m'banja limodzi, bere limodzi.

Koma nkhani imene imandipangitsa kuti ndiziikira kumbuyo acid jazz olo ili ndi zofooka zake ndi ya Terry Callier. Bambo ameneyu anali wa ku Chicago, anakulira dera limodzi ndi Curtis Mayfield, ankaimba ndi gitala nyimbo zovuta kuziika m'gulu, pena folk, pena soul, koma mzimu wake wa John Coltrane amene ankamukonda kwambiri. Kumayambiriro kwa m'ma 1970 anatulutsa zimbale zokongola zedi pa kampani ya Cadet koma sizinagulidwe. Mu 1983 anasiya zoimba kuti alere mwana wake wamkazi, anakaphunzira za makompyuta n'kupeza ntchito pa University of Chicago, m'mawa ku ofesi madzulo kunyumba, gitala ili pakona. Iye osadziwa kuti kutsidya kwa nyanja ma DJ apeza karekodi kake kena kakale ndipo achinyamata akuvina. Eddie Piller anamusakasaka mpaka anamupeza pa foni, Acid Jazz inatulutsanso nyimboyo, ndipo kumayambiriro kwa m'ma 1990 Callier anayamba kumapita ku England pa masiku ake a holide kukaimba, akamaliza n'kubwerera ku kompyuta yake. Taganizani munthu wa zaka pafupifupi 50 amene anavomereza kale kuti zake zinakanika, akukwera pa siteji ku London n'kupeza ana oti angakhale ake akuimba naye mawu onse pamtima. Mu 1998 anatulutsa chimbale chatsopano, Timepeace, pa Talkin' Loud, anadzaimbanso ndi Beth Orton ndi Massive Attack, ndipo anamwalira mu 2012 akudziwika ngati woimba. Palibe pulofesa wa jazz amene anamufukula Callier, anamufukula ndi anthu a m'makalabu. Roy Ayers nayenso, amene anatisiya mu March 2025, anakhala zaka zambiri akudzaza makalabu ku London chifukwa cha anthu omwewa, ndipo Blue Note inayamba kutulutsanso zimbale za Grant Green, Lou Donaldson ndi Reuben Wilson zimene inali itaziiwala, chifukwa tsopano panali ozifuna.

Kenako kunabwera Jamiroquai, ndipo apa ndi pamene kutchuka kunaonetsa nkhope yake yeniyeni. Nyimbo yawo yoyamba inatuluka pa Acid Jazz mu 1992, Sony inawakwatula msangamsanga ndi kontrakiti ya zimbale 8, ndipo chimbale choyamba, Emergency on Planet Earth, chinafika pa nambala 1 ku Britain mu 1993. Mukachimvera lero mudabwa, muli nyimbo zazitali, zina zodutsa mphindi 8, malipenga akupatsidwa mpata, Stuart Zender akuyenda pa besi momasuka, Toby Smith pa kiyibodi, mpaka didgeridoo ya ku Australia ilimo, ndipo Jay Kay akuimba za nkhondo ndi kuonongeka kwa chilengedwe. Mu 1996 kunabwera Travelling Without Moving chimene chinagulidwa makope oposa 8 miliyoni, vidiyo ya Virtual Insanity ija ya pansi poyenda ndi chipewa chachikulu inapata mphoto yaikulu ya MTV mu 1997, ambiri a ife ndi pamene tinawadziwira. Ndimaikonda nyimbo imeneyo, piyano yake ndi yanzeru. Koma tsatirani zimbale zotsatira muone chimene chikuchepa chaka ndi chaka. Nyimbo zikufupika kuti zikwane pa wailesi, ma solo akutha, Zender wachoka mu 1998, disco yalowa, pofika 2001 ndi bandi ya pop yovinitsa bwino kwambiri koma ya jazz ija yatsala fungo lokha. Sindikuwada nazo, munthu ali ndi ufulu woimba zimene akufuna ndi kudya thukuta lake. Chimene ndikunena n'chakuti pamene makampani akuluakulu anasefa acid jazz kuti igulike, chimene chinatsala pa sefa n'kutayidwa chinali jazz yomweyo.

Ndipo a Jamiroquai ndi bola. Choipitsitsa chinali mulu wa ma CD osakaniza amene anadzaza m'mashopu pakati pa m'ma 1990, chilichonse chokhala ndi biti yofewa ndi kasakisofoni pamwamba ankachimata dzina la acid jazz. Nyimbo imene inayamba ndi anyamata akugwa ndi mawondo pa simenti inasanduka yoika m'malesitilanti ndi m'mashopu a zovala kuti anthu asamve kuti kuli zii. Ku America mabandi ngati Incognito anakalowa pa mawailesi a smooth jazz, pafupi ndi Kenny G. Ndipo mtundu wofewa umenewu ndi umene unayenda kutali kwambiri, mpaka kuno, moti mukapita ku jazz ya Lamlungu masana pa hotela kapena pa loji m'tauni nthawi zambiri mupeza zomwezo, bandi yaluso ndithu koma ikuimba motsitsa kuti isasokoneze macheza, anthu akudya nyama yootcha atafulatira siteji. Zimandipweteka chifukwa ifeyo kumwera kwa Africa kuno sitinayambe talekanitsapo jazz ndi kuvina, marabi ndi kwela zinali za mapazi, a Daniel ndi a Donald Kachamba ankaimba kuti anthu adzuke, Hugh Masekela anafika pa nambala 1 ku America mu 1968 ndi nyimbo ya lipenga yovinika. Za kukhala pansi mwaulemuzi tinachita kuphunzira.

Peterson mwini wake sanachedwe kulithawa dzinalo. Talkin' Loud inapita ku zina, drum and bass ya Roni Size imene inapata Mercury Prize, mphoto ya chimbale chopambana cha chaka ku Britain, mu 1997, 4hero, Nuyorican Soul. Pofika 2000 munthu woimba ukamuti amaimba acid jazz ankaona ngati wamutukwana. Ambiri analemba kuti inali fashoni chabe ya zaka zochepa, ya ndevu za pachibwano ndi zipewa, yatha basi.

Ine sindikuona choncho, chifukwa cha zimene zachitika ku London zaka zaposachedwazi. Nthawi yomwe ija ya Dingwalls kunalinso gulu lina, Jazz Warriors, oimba akuda achinyamata monga Courtney Pine ndi Gary Crosby, amene ankaimba jazz yeniyeni yopeka pompopompo, ndipo ena mwa iwo sankakondwa kuikidwa m'thumba limodzi ndi acid jazz. Mu 1991 Crosby ndi Janine Irons anayambitsa Tomorrow's Warriors, malo ophunzitsa ana jazz, makamaka ana akuda ndi atsikana amene makolo awo sakanakwanitsa kulipira sukulu za nyimbo, ndipo amaphunzira ulere. Kumeneko ana amaphunzitsidwa Parker, Monk ndi Ellington mwakhama lomwe Wynton angagwirizane nalo. Koma anawa akatuluka m'kalasi amabwerera m'nyumba zimene mukulira Fela Kuti, highlife, reggae, grime ndi nyimbo za kutchalitchi, ndipo palibe amene anawauza kuti asankhepo chimodzi. Nubya Garcia, Moses Boyd, Shabaka Hutchings, a Kokoroko, ambiri anadutsa kumeneko, ndipo amene anasonkhanitsa nyimbo zawo pa chimbale cha We Out Here mu 2018 ndi kampani ya Brownswood, ya Gilles Peterson yemwe uja.

Ezra Collective anakumana ku Tomorrow's Warriors ali anyamata. Femi Koleoso pa ng'oma, amene anaphunzirako kwa Tony Allen, woimba ng'oma wa Fela Kuti, mng'ono wake TJ pa besi, Joe Armon-Jones pa kiyibodi, James Mollison pa sakisofoni, Ife Ogunjobi pa lipenga. Onerani shoo yawo iliyonse, oimba malipenga amatsika pa siteji kulowa pakati pa anthu, holo yonse ikudumpha, koma solo ya Armon-Jones ikayamba imatenga nthawi yake yonse, imapita kumene ikufuna, ndipo Femi akumutsatira n'kumamukankha, zimene sampulo singachite ndipo zimene mabandi ambiri a 1992 sankayerekeza. Mu 2023 anakhala bandi yoyamba ya jazz kupata Mercury Prize, mphoto yomwe Young Disciples anapikisanako mu 1992 osaipata, ndipo mu 2024 anaimba pa Wembley Arena ngati eni shoo. Makampani akuluakulu awaona kale, ndiye chimene ndizimvetsera pa zimbale zawo zikubwerazi ndi kutalika kwa ma solo, ngati Armon-Jones ndi Ogunjobi azipatsidwabe mpata wawo wonse kapena ayamba kuwadula kuti nyimbo ikwane mphindi zitatu.